Kalata yotseguka: tsiku la kemo likadumphidwa, khansa imapeza mpata

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo ku Maputo,
a Bwanamkubwa a chigawo cha Tete,
ndi atsogoleri onse a zaumoyo m'chigawo ndi m'maboma athu.

Tawomba m'manja, landirani moni wathu. Tikudziwa kuti pa desiki panu pali kale malungo, kolera, TB ndi uchembere, ndipo thumba lotapamo ndi limodzi. Komabe wakutsina khutu ndi mnansi. Olemba kalatayi ndife anthu ogwira ntchito pakati pa odwala khansa: anamwino, osunga ndi kusakaniza mankhwala, oyeza magazi. Tailemba m'Chichewa kuti achibale odikirira odwala ku Ulongué, Tsangano, Furancungo, Chifunde, Fingoé ndi Zóbuè amvere limodzi nanu, pakuti nkhaniyi ndi yawo.

Dandaulo lathu ndi limodzi, ngakhale lili ndi nthambi. Dokotala akalembera wodwala kemo, mankhwala opha maselo a khansa, imene pa mapepala athu imalembedwa quimioterapia, amalemba mlingo ndi masiku: mwachitsanzo maulendo anayi kapena asanu ndi limodzi, masiku 21 alionse. Odwala ambiri a kuno samaliza monga mwalembedwamo. Ulendo uno mankhwala amodzi sanafike, ulendo winawo makina oyeza magazi alibe zoyezera, wachitatu ndalama ya chapa (minibasi) yasowa. Mu ofesi izi zimaoneka ngati kuchedwa wamba, koti wodwala angobweranso sabata yamawa. M'thupi la wodwala nkhani yake ndi ina, ndipo mutilole tiifotokoze tisanafike pa zopempha zathu.

Mu selo ya thupi muli DNA, ulusi wautali wa nkhosi ziwiri zopotana, wolembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, T, G ndi C. A amagwirana ndi T, G amagwirana ndi C, kotero nkhosi imodzi ikawonongeka inayo imakhala poonera pokonza. Ulusiwu umavulala tsiku ndi tsiku, malo zikwizikwi mu selo imodzi, chifukwa cha dzuwa, utsi, ngakhale ntchito ya selo yomweyo yosandutsa chakudya kukhala mphamvu. Timakhala ndi moyo chifukwa mu selo muli magulu a mapuloteni amene ntchito yawo ndi kusoka mabala amenewa, gulu lililonse ndi mtundu wake wa bala. Tiwatche amisiri. Tomas Lindahl, Paul Modrich ndi Aziz Sancar analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa chofotokoza momwe atatu mwa magulu amenewa amagwirira ntchito.

Mankhwala ambiri a kemo amavulaza dala ulusi womwewu, mochuluka koti amisiri alephere. Cisplatin amamatira pa chilembo G n'kumanga ma G awiri oyandikana, ulusi n'kupindika. Pena amamanga nkhosi ziwiri zija pamodzi kuti zisatseguke, ngati zipi yadzimbiri. Cyclophosphamide nayenso amamanga nkhosi. Doxorubicin, wofiira uja wosintha mtundu wa mkodzo, amakola puloteni yotchedwa topoisomerase II ili mkati modula ulusi, n'kusiya nkhosi zonse ziwiri zili zoduka. Bleomycin amadula yekha. Vincristine ndi paclitaxel sakhudza DNA, iwo amatsekereza selo pogawikana.

Tsoka lake n'loti selo ya khansa inachokera mu selo yathu yomwe, ndipo amisiri aja inapita nawo. Gulu lina limayenda pa ulusi kufufuza popindika. Likapeza pamene cisplatin wamatira limadula uku ndi uku, kuchotsa kachidutswa ka zilembo pafupifupi 30, kenako n'kulembanso mpatawo poonera nkhosi inayo. Mpeni wake umodzi ndi mapuloteni awiri, ERCC1 ndi XPF. Ntchitoyi imatha m'maola kapena m'masiku ochepa chabe. Ndiye kuti mlandu wa selo iliyonse umagamulidwa m'masiku oyambirira mankhwala atalowa: mabala akachuluka kuposa manja a amisiri selo imafa, akachepa imasoka zigamba n'kupitiriza kugawikana. N'chifukwa chake theka la mlingo silibweretsa theka la machiritso. Mlimi wa mbatatesi ku Tsangano amene anathirapo madzi ochuluka m'mankhwala opopera kuti akwanire munda wonse amadziwa mapeto ake: tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana.

Khansa zimasiyana pa luso losokali. Khansa ya machende ndi yofooka pa kukonza mabala a cisplatin ndipo maselo ake sachedwa kufa; kuchokera mu 1978, pamene mankhwalawa anavomerezedwa ku America, amuna ambiri amachira ngakhale itafalikira kale m'thupi. Palinso mapuloteni a BRCA1 ndi BRCA2, amene amalumikiza ulusi woduka nkhosi zonse ziwiri pokopera ku ulusi unzake. Khansa ya thumba la mazira kapena ya bere imene ilibe BRCA yogwira ntchito imamva kwambiri cisplatin ndi carboplatin. Koma mu 2008 ofufuza anaonetsa kuti zotupa zina zotere, zitalandira mankhwala n'kubwereranso, zinali zitabwezeretsa BRCA2 wake, mankhwala omwe aja osagwiranso. Amene amapulumuka ulendo woyamba ndi odziwa kusoka, ndipo ndi amene amabereka chotupa chobweracho.

Tiwerengetse. Chotupa cha sentimita imodzi chimakhala ndi maselo pafupifupi biliyoni imodzi. Tiyerekeze kuti ulendo umodzi wa kemo ukupha maselo 99 pa 100 alionse. Atsala 10,000,000. Ulendo wachiwiri usiya 100,000, wachitatu 1,000, wachinayi 10. Masamuwa akuyenda bwino chotere chifukwa sitinawerengere kuswana kwa otsalawo pakati pa maulendo. Nanga masiku 21 achokera pati? Achokera m'mafupa. Mankhwalawa amavulazanso mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi. Asilikali a m'magazi amatsika kwambiri pakati pa tsiku la 10 ndi la 14, n'kubwerera cha ku tsiku la 21. Pamenepo thupi limakhala litadzuka, khansa isanadzuke yonse. Kampata kameneka ndiye chithandizo chonse. Wodwala akabwera pa tsiku la 40 kapena la 50, kampatako katsekeka: chotupa chadzazanso, ndipo chadzaza ndi ana a maselo olimba aja.

Izi si zongoganiza. Ku Milan, m'dziko la Italy, Gianni Bonadonna ndi anzake anafalitsa mu 1981 zotsatira za amayi odwala khansa ya bere amene analandira kemo atachitidwa opaleshoni: amene analandira magawo 85 pa 100 a mlingo wolembedwa kapena kuposerapo ndi amene anapindula kwambiri, pamene olandira wochepa kwambiri sanasiyane kwenikweni ndi osalandira. Kwa mwana wotupa chibwano ndi khansa ya Burkitt nkhani ndi yothamanga koposa, chifukwa chotupacho chimatha kuwirikiza m'maola 24 mpaka 48. Ndipo phunziro ili si lachilendo kuno kwathu. Magulu a GAAC, amene omwa ma ARV amasinthana popita kukatengerana mankhwala, anayambira m'chigawo chino mu 2008 asanafalikire dziko lonse. Tete inaphunzitsa ena kuti kudumphitsa mankhwala kumalimbitsa kachilombo. Odwala khansa akupempha chidwi chomwecho.

Nthambi yoyamba ya dandaulo lathu ndi mankhwala kuthera wodwala pa njira. Tione mayi wodwala khansa ya bere wolembedwa doxorubicin ndi cyclophosphamide, maulendo anayi. Mlingo umawerengedwa ndi msinkhu ndi kulemera kwake: mamiligalamu 60 ndi 600 pa sikweya mita iliyonse ya thupi. Mayi wa masikweya mita 1.6 afunika mamiligalamu 96 ndi 960 pa ulendo. Ndiye kuti timabotolo tiwiri ta mamiligalamu 50 ta doxorubicin ndi kamodzi ka galamu imodzi ka cyclophosphamide; maulendo onse anayi, timabotolo 8 ndi 4. Chiwerengerochi chimadziwika tsiku loyamba lomwelo. Palibe chifukwa choti mayiyu ayambe pa Januwale n'kuuzidwa pa Febuluwale kuti wofiira uja watha. Mankhwala amaperekedwa awiri kapena atatu pamodzi chifukwa aliyense amasiya bala la mtundu wake, ndipo selo yodziwa kusoka bala limodzi imagwa ndi linalo. Kupereka amene alipo okhawo poti enawo sanafike kumaoneka ngati chifundo, koma kumachotsa mphamvu ya msanganizowo.

Pali china chimene chimaiwalika. Doxorubicin ali ndi malire a moyo wonse, mamiligalamu 450 mpaka 550 pa sikweya mita, kupitirira apo mtima ungafooke osabwereranso. Maulendo anayi aja amadya 240. Bleomycin malire ake ndi mayuniti 400, chifukwa cha mapapo. Ulendo woperekedwa mosokonezeka ndiye kuti wadya gawo la malirewo pachabe, ndipo sungabwezedwe. Fayilo ya wodwala ikasowa, dokotala wotsatira sadziwa kuti mtimawo wasenza kale zingati.

Yachiwiri ndi kasungidwe. Mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Vincristine, bleomycin ndi doxorubicin wamadzi amafuna furiji ya madigiri 2 mpaka 8, usana ndi usiku. Cisplatin ndiye wosiyana: akalowa mu furiji amaundana timiyala pansi pa botolo, kotero amafuna chipinda cha madigiri 15 mpaka 25, kopanda kuwala. Chipinda chotero sichipezeka chokha m'chigwa cha Zambezi. Amasungunulidwa m'diripi yamchere ya magawo 0.9 pa 100, chifukwa m'madzi opanda mchere amasintha asanalowe m'thupi, ndipo sayenera kukhudzana ndi singano yokhala ndi aluminiyamu. Mankhwala owonongeka ndi kutentha kawirikawiri sasintha maonekedwe. Namwino alemba mlingo wathunthu pa khadi, m'mitsempha mwalowa wopelewera, ndipo chotupa chikapanda kumva timati khansayo ndi yamakani. Magetsi a ku Cahora Bassa amayenda mpaka ku South Africa; furiji ya mankhwala a khansa m'chigawo chomwechi isamadalire mwayi.

Osakaniza mankhwalawa nawonso ali ndi DNA. Kusakaniza cyclophosphamide pa tebulo wamba, mawindo ali pululu, ndi gulovu imodzi, ndi kuvulaza namwino pang'onopang'ono ndi chida chomwe tikumenyera khansa. Pamafunika kabati yokoka mpweya, magulovu awiri, chovala chosalowa madzi ndi chotayiramo chapadera, ndipo woyembekezera asasakanize. Vincristine aziikidwa m'kathumba ka diripi, asakhale mu jakisoni woti angasokonezedwe ndi wa pamsana, chifukwa akalowa pamsana amapha.

Yachitatu ndi kuyeza magazi. Ulendo uliwonse usanaperekedwe timafuna kuona asilikali otchedwa neutrophil afika 1,500 ndi timaselo toumitsa magazi tafika 100,000, kuchuluka kwa magazi, ndi creatinine woonetsa mphamvu ya impso. Makina akasowa zoyezera, dokotala amatsala ndi njira ziwiri, zonse zoipa: kupereka mwakhungu, kapena kubweza munthu amene wayenda makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulongué atagulitsa thumba la chimanga. Impso ndiye zofunika kusamala kwambiri kuno. Cisplatin amazivulaza, choncho wodwala amayamba walandira diripi yamchere, n'kulandiranso ina pambuyo, pamodzi ndi magnesium ndi mankhwala oletsa kusanza monga ondansetron ndi dexamethasone. Wosanza usiku wonse m'nyengo yotentha impso zake zimauma msanga. Odwala athu ambiri amamwanso ma ARV a TLD, ndipo tenofovir wa m'menemo amalemetsa impso zomwezo. Gentamicin, ibuprofen ndi diclofenac zimawonjezera katundu. Dolutegravir, wa m'TLD momwemo, naye amakweza creatinine pang'ono impso zili bwinobwino, ndipo wosadziwa zimenezi angachepetse mlingo popanda chifukwa. Carboplatin mlingo wake umachokera mwachindunji ku impso: nambala yosankhidwa ndi dokotala, tinene 5, kuchulukitsa ndi mphamvu ya impso yowonjezeredwa 25. Impso za 75 zipereka mamiligalamu 500, za 45 zipereka 350. Popanda kuyeza, wina alandira wochepa woti khansa isoke, wina alandira wochuluka woti magazi asadzuke pa tsiku la 21.

Pakati pa maulendo wodwala amakhala kumudzi, ndipo ndi kumene asilikali ake amatsika. Thupi likatentha kufika madigiri 38 m'masiku amenewo, amafunika mankhwala amphamvu opha mabakiteriya a m'mitsempha ola lisanathe. Ku chipatala chaching'ono, wogwira ntchito amene sanauzidwe kuti munthuyu ali pa kemo amayeza malungo, kupereka panado, n'kumuuza abwere mawa. Sitimuimba mlandu. Palibe chimene chinamuchenjeza.

Yachinayi ikukhudza amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero, imene ndi yofala kuposa zina zonse mwa amayi a m'dziko muno. Tikuyamika kuyeza ndi viniga kumene kunayamba mu 2009 ndi katemera wa atsikana woteteza ku HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, amene analowa m'ndondomeko ya dziko mu 2021. Koma amayi amene chotupa chakula kale katemera sawathandiza. Mu selo muli mlonda wotchedwa p53 amene amaimitsa selo yovulala kuti ikonzedwe kapena ife, ndipo HPV amapanga puloteni ya E6 yophwanya mlondayo. Chotupa chotere chikapitirira pochitika opaleshoni, chithandizo chake ndi radioterapia, kuwotcha ndi cheza cha makina, pamodzi ndi cisplatin. Cheza chimadula DNA tsiku lililonse, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata asanu, kenako n'kumalizira ndi kuwotchera mkati. Cisplatin wa mamiligalamu 40 pa sikweya mita amaperekedwa kamodzi pa sabata m'masabata omwewo, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kutanganitsa amisiri kuti asasoke zimene cheza chadula. Zonse zithe m'masiku 56. Tsiku lililonse lopitirira pamenepo limachotsa pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mwayi wogonjetsa chotupacho, chifukwa otsala amayamba kuswana mofulumira. Cisplatin woperekedwa yekha kuno, mayi akudikira malo pa makina, salowa m'malo mwa ndondomeko imeneyi. Ndipo cheza chimafuna mpweya wa okosijeni m'chotupa kuti bala likhazikike. Selo yosowa mpweya imafuna cheza chochuluka kawiri kapena katatu kuti ife. Mayi amene wataya magazi kwa miyezi, wadwalanso malungo, afunika kuthiridwa magazi asanakwere basi.

Makina a radioterapia anatsegulidwa ku Maputo mu 2019. Kuchokera ku Tete ndi makilomita oposa 1,500. Guia yotumizira wodwala ndi pepala chabe ngati ilibe tsiku loyambira, thiransipoti, pogona pa miyezi iwiri ndi munthu womasulira kwa mayi amene sadziwa Chipwitikizi kapena Chichangana. Ambiri amaipinda n'kubwerera nayo kumudzi. Enanso amawoloka pa Calómuè kapena pa Zóbuè, popeza kwa munthu wa ku Angónia Lilongwe ili pafupi kuposa mzinda wa Tete. Amayamba kemo uko, ndalama zikatha n'kudzapitiriza kuno, mapepala ena ali m'Chingelezi ena m'Chipwitikizi, osadziwika kuti walandira zingati.

Yachisanu ndi kanyama kodulidwa pa chotupa kokayeza. Kameneka ndi kamene kamauza dokotala mtundu wa khansa ndi pamene yafookera. Kalowe m'mankhwala okasunga kuti kasaole, formalin wa magawo 10 pa 100 wokonzedwa bwino ola lisanathe chidulireni, formalin akhale wochuluka kakhumi kuposa kanyamako, ndipo ka m'bere kakhalemo maola 6 mpaka 72. Kakakhala m'botolo masabata kudikira galimoto, kapena kakaikidwa m'madzi amchere poti formalin watha, zizindikiro zofunika zimafufutika. Mayi amene khansa yake imadya mahomoni angaoneke ngati sitero, n'kumanidwa tamoxifen, mapiritsi otchipa omwera kunyumba. M'thumbo lalikulu muli chitsanzo china chodabwitsa. Pali gulu la amisiri okonza zilembo zolakwika pokopera, MLH1, MSH2, MSH6 ndi PMS2. Khansa ya m'thumbo imene yataya gulu limeneli, ikachotsedwa isanafike m'mwanabere, sipindula ndi kemo ya fluorouracil woperekedwa yekha. Wodwala angavutike miyezi isanu ndi umodzi pachabe. Mapuloteni anayiwa amaonekera pa galasi ndi njira yomweyo yoyezera mahomoni a m'bere. Zotsatira zikachedwa miyezi chotupa chimakula, ndipo monga anaonetsera Goldie ndi Coldman mu 1979, chotupa chikamakula mwayi woti muli kale maselo osamva mankhwala umakulanso.

Tipatuke pang'ono, chifukwa izi zikukhudza nkhokwe za ku Angónia ndi Macanga. Chuku cha pa chimanga ndi mtedza wosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amamatira pa chilembo G m'chiwindi. Mu 1991 ofufuza anapeza kuti mwa ena mwa odwala khansa ya chiwindi ochokera ku Mozambique, mlonda p53 anali wolumala pa malo amodzimodzi, malo a nambala 249. Khansa ya chiwindi simva kemo kwenikweni. Pamenepo chothandiza chili kwa alangizi a zaulimi, kuumitsa mbewu pa thandala, ndi katemera wa hepatitis B wa makanda.

Yachisanu ndi chimodzi ndi kusafotokozera. Pakatha maulendo awiri chotupa chimaphwa, pena osagwirikanso ndi manja. Bwererani ku masamu aja: pamenepo n'kuti maselo zikwi zambiri adakalipo. Wodwala amene sanauzidwe amati wachira, mvula yagwa, akadzale. Wina tsitsi likathothoka ndi pakamwa kutuluka zilonda, akuchimuna ndi akuchikazi amagwirizana kuti mankhwalawa akumupha, amutengere kwina. Anthuwa si amakani. Anauzidwa m'Chipwitikizi cha mphindi ziwiri pa khomo la wodi. Akanauzidwa m'Chichewa, m'Chinyungwe kapena m'Chisena kuti tsitsi ndi pakamwa zili ndi maselo ogawikana msanga, kuti maselo amenewo amakonzeka tsitsi n'kumeranso, ndipo kuti kuphwa kwa chotupa ndi pakati pa ulendo, ambiri akanabwera pa tsiku lake.

Sitikupempha mankhwala odula monga olaparib, amene anavomerezedwa kunja mu 2014 kuti atseke njira yotsala yokonzera DNA m'khansa zopanda BRCA. Tsiku lake lidzafika. Mankhwala amene tatchula m'kalatayi ndi akale, a zaka makumi angapo, ndipo amagwira ntchito akaperekedwa pa mlingo ndi pa tsiku. Zopempha zathu ndi izi:

1. Wodwala asayambe kemo mankhwala a maulendo ake onse asanapatulidwe m'bokosi lolembedwa nambala yake, pamodzi ndi madiripi, magnesium ndi oletsa kusanza. Chigawo chikhale ndi mankhwala osungira a miyezi itatu, ndipo akatsala a mwezi umodzi uthenga ufike ku likulu tsiku lomwelo.

2. Posungira mankhwala a khansa pakhale furiji yokhala ndi sola kapena batire, choyezera kutentha cholembedwa m'mawa ndi madzulo, ndi chipinda chozizira cha cisplatin. Mankhwala amene atentherwa atayidwe ndi kulembedwa, asaperekedwe.

3. Posakaniza kemo pakhale kabati yokoka mpweya, zovala zotetezera ndi anthu ophunzitsidwa osachepera awiri, kuti wina akadwala kapena akapita ku tchuthi ntchito isaime.

4. Magazi ayezedwe ku chipatala cha boma la wodwalayo kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, zotsatira zitumizidwe pa foni, kuti munthu anyamuke akudziwa kuti akalandira. Zoyezera magazi ndi creatinine za odwala khansa ziwerengedwe pamodzi ndi mankhwala awo pogula.

5. Wodwala aliyense apatsidwe khadi loyenda nalo: dzina la mankhwala, mamiligalamu, tsiku lolandira, tsiku lotsatira, chiwerengero chonse cha doxorubicin ndi bleomycin, ma ARV amene akumwa, ndi chenjezo la zilembo zazikulu lonena za kutentha thupi kwa madigiri 38. Zipatala zazing'ono ziuzidwe tanthauzo la khadilo.

6. Wotumizidwa ku radioterapia anyamuke ali ndi tsiku loyambira lotsimikizika, magazi okwanira, tikiti yopita ndi yobwerera, ndi pogona pake ndi pa womudikirira. Mukambiranenso ndi maiko oyandikana nafe za katumizidwe ka odwala a m'malire, ngakhale poyambira pakhale pa pepala limodzi lomveka mbali zonse.

7. Formalin wabwino afike paliponse podula zotupa, galimoto yonyamula timabotolo ikhale ndi tsiku lodziwika sabata iliyonse, ndipo zotsatira zibwerere masabata atatu asanathe.

8. Wodwala akajomba, afunidwe pasanathe masiku awiri kudzera pa foni, kwa wazaumoyo wa m'mudzi (APE) wa m'dera lake, kapena kwa anyakwawa ngati iye mwini anavomereza. Chimene chamulepheretsa chikakhala ndalama ya chapa, pakhale kathumba kothandizira. Mawailesi a m'madera apatsidwe uthenga wa m'zilankhulo zathu.

9. Miyezi itatu iliyonse mufalitse, popanda mayina, chiwerengero cha amene anayamba kemo, amene anamaliza, amene analandira magawo 85 pa 100 a mlingo pa nthawi yake, ndi chifukwa cha ulendo uliwonse wodumphidwa.

Dziko lili ndi ndondomeko yolimbana ndi khansa ya zaka za 2019 mpaka 2029, ndipo zimene tapemphazi sizituluka kunja kwa cholinga chake. Zitatu mwa izo, khadi, kuyeza magazi kufupi ndi kwawo ndi kufuna wojomba, zingayambe mwezi uno ndi anthu ndi mafoni amene alipo kale. Tipempha yankho lolembedwa, lowerengedwanso pa wailesi kuti odikirira odwala amve, ndipo lifike mvula isanayambe, misewu ya ku Marávia, Chifunde ndi Zumbo isanaduke.

Ndife anu mwaulemu,
anamwino, osunga mankhwala ndi oyeza magazi ogwira ntchito ndi odwala khansa m'chigawo cha Tete.